Nkhunda ya pa Chitseko cha a Dikoni

Nyumba ya Betaniya,
Ohio,
Okutobala 1979.

Okondeka Achemwali Ozella,

Musanawerenge kalatayi musambe m'manja, muvule epuloni, muthamangitsenso nkhuku pakhondepo, chifukwa amene akukulemberaniyu si Elbert uja munkamukwapula ndi kanthambi ka pichesi. Akulemba ndi Bambo Elbert Tolliver, Mkulu Woyendera Nkhunda wa nsanjika yachinayi, wosankhidwa ndi abusa, wovomerezedwa ndi komiti. Ine ndikagogoda pachitseko, wam'katimo amayankha msanga kuti akadali moyo. M'nyumba muno munthu safa ine ndisanavomereze.

Kaya muli bwanji kumeneko? Bondo lanu lija likadaloserabe mvula? Nanga alamu anga a Hosey, dzino lawo lija likadalipo kapena masiku ano akungomeza? Ine kuno ndili bwino, kupatula msana umene unayamba kudandaula nditangosiya ntchito ku fakitale ya zitsulo, ngati ukufuna kubwerera. Kwayamba kuzizira. Mitengo yayamba kuvula, ife tayamba kuvala.

Munafunsa kuti nyumba ya mpingoyi ndikuiona bwanji. Zake zili chonchi: malo ndi a khonsolo ya mzinda, nyumba ndi ya mpingo, ife ndi a Mulungu, koma lendi timakapereka kwa a Hairston, mtsikana wophunzira amene amayang'anira zonse. Osaukitsitsa salowa muno, olemera safuna n'komwe. Amafuna ife apakatikati, a kapenshoni kokwanira lendi ndi kotsala koponya m'mbale Lamulungu. Nyumbayi anaimanga pomwe panali msewu wathu uja khonsolo isanagwetse nyumba zathu. Khitchini ya malemu mkazi wanga Idella inali pomwe pano akuimikapo magalimoto, chakumpanda.

Lamulo lalikulu ndi limodzi: muno si m'chipatala. Munthu uzisamba wekha, uziphika wekha, uzidziwa dzina lako. Ukalephera amakutumiza kutsidya kwa njanji, kunyumba ya boma yosungirako nkhalamba, kumene anthu amapita atakhala tsonga n'kubwerako atagona. Ndiye mukanaona momwe timayendera tikamadutsa pa ofesi ya a Hairston. Ndodo timazisiya pakona, chifuwa patsogolo, kuyenda ngati asilikali. Tikapitirira zenera lawo m'pamene timagwira khoma n'kuyamba kubuula.

Za nkhunda zili motere. Chitseko chilichonse chili ndi kankhunda kathabwa, kopaka utoto woyera, kosemedwa ndi abambo a mumpingo. Ukadzuka m'mawa umakapachika kunja kwa chitseko kuti anthu adziwe kuti wadzuka. Madzulo umakalowetsa n'kukapachika pa msomali wam'kati. Ine ntchito yanga ndi kuyendera zitseko ndikatha kumwa khofi. Pamene palibe nkhunda ndimagogoda. Akapanda kuyankha ndimakatenga a Hairston, amene ali ndi kiyi wotsegula zitseko zonse.

Tsopano gwirani mpando, nkhani ikubwerayi ndi ya anthu akwathu. Mukuwakumbukira a Lucius Purifoy, aja bambo awo anali ndi bulu wolumana? Aja anakwatira Arzula wa kwa Tate, mnzanu wa m'kwaya? Kuno ndi a Dikoni, ndiponso wapampando wa komiti ya okhala muno. Iwo ndi Arzula anapatsidwa chipinda chapakona, cha anthu awiri, cha mazenera mbali ziwiri, chomwe dzuwa limayamba kulonjera lisanaone wina aliyense. Lamulo la nkhunda anabweretsa ndi a Dikoniwo, ndipo ankalikonda kuposa Malamulo Khumi. Munthu ukaiwala kupachika, ankakuimiritsa pa mapemphero a Lachitatu pamaso pa onse. Ine ndinaiwalapo kamodzi. Anandiimiritsa, amvekere: “M'bale Tolliver, Nowa akanakhala inu, bwenzi tonse tikadali m'chingalawa mpaka lero.” Amayi anaseka mpaka kugwetsa zipewa.

Zimenezo ndinakhululuka, poti nthabwala inali yabwino. Chimene sindinakhululuke ndi cha mpiru. Chaka chino ndinalima kadimba kumpanda kuja, pamalo pa khitchini ya Idella. Ndinadzala mpiru ndi therere. Zinamera bwino zedi, poti nthakayo inadya phulusa la m'khitchini ya mkazi wanga zaka zambiri. Tsiku lina a Dikoni anabwera atavala chipewa ndi tayi, akuti malo ano ndi a khonsolo, mpingo unangobwereka, ndipo akuluakulu akaona dimba adzati tasandutsa mzinda kukhala mudzi. Akuti kuno si ku Alabama. Anaitana wosesa, n'kuimirira pomwepo mpaka tsinde lomaliza litazulidwa, kenako anadzalitsapo kapinga. Nditawafunsa kuti kapingayo adzadya ndani, anati ngati ndikufuna kulima ndidikire manda anga, pamwamba pakepo palibe adzandiletse.

Ndiye ndinayamba kuwayang'anitsitsa. Ndinaona kuti nkhunda yawo ndiyo imayamba kutuluka m'nyumba yonse, ndipo masiku ena akaipachika amatsika masitepe akuseri ndi kachikwama, okha, ulendo wa kugolosale. Arzula sankaoneka m'kati mwa sabata. Ankaoneka Lamulungu lokha, atavala zoyera, wigi ndi chipewa pamwamba, atagwidwa pamkono ndi amuna ake. Nyimbo ankaimba zonse osatsegula buku, mawu ake aja mumawadziwa. Koma ukamupatsa moni ankangomwetulira, a Dikoni n'kuyankha kuti ali bwino. Tonse tinkati ndi matama a mkazi wa wapampando.

Lachiwiri lina nditamva masitepe akuseri akulira, ndinatuluka, n'kuchotsa nkhunda pachitseko chawo, n'kuiponya m'thumba la jekete. Kenako ndinagogoda monga mwa udindo wanga. M'katimo munkamveka wailesi ya nyimbo za Mulungu. Palibe anayankha. Ndinati Arzula akuchita manyazi kutsegula alibe wigi. Ndikuuzeni zoona, Achemwali, ine ndinkafuna zinthu ziwiri zokha: kuona mutu wa Arzula wopanda wigi, ndi kuona a Dikoni ataimirira Lachitatu.

Popita ku ofesi ndinadutsira pa chitseko cha Mayi Crenshaw, amene ndi wailesi ya nyumba ino. Sindinaname ayi. Ndinangoti kwa a Dikoni kuli zii, nkhunda palibe, kenako ndinavula chipewa n'kuyang'ana pansi. Basi. Pamene chikepe chinkatibweretsa m'mwamba ine ndi a Hairston, m'kolido munali mutadzaza. Wina anali atayambitsa kale nyimbo ya maliro. Wina ankafunsa monong'ona kuti kodi chipinda chapakona amapereka motsata zaka kapena motsata chopereka. Mayi Crenshaw anali atatereka kale nkhuku ya pamaliro.

A Hairston anagogoda, anaitana, kenako anatsegula.

Arzula anali pampando wa ndalema, pazenera, padzuwa. Anali atamangidwa kumpandowo m'chiuno ndi matayi a a Dikoni, aja a silika a Lamulungu, olumikizalumikiza, mfundo zake kuseri komwe manja sangafike. Pansi pa mpando panali ponyowa. Sitovu inalibe zoyatsira zake, zinali zitazulidwa zonse. Galasi la pakhoma linali litaphimbidwa ndi thaulo. Wigi inali patebulo, itavekedwa pabotolo. Mutu uja ndinauona. Ndi kamutu kakang'ono, ka timatsitsi toyera tochepa, koma toluka bwinobwino, topaka mafuta. Si Arzula analuka timeneto. Ndinaona chimene ndinafuna kuona, ndipo ndikuuzeni kuti si chinthu choti munthu n'kutsikira masitepe.

Nyimbo inafera m'kamwa. Arzula anatiyang'ana tonse n'kumwetulira ngati alendo a pa Khirisimasi. Anafunsa a Hairston ngati abwera kudzathyola thonje, akuti bambo apita kumunda ndi bulu, adikire. Kenako maso ake anagwera pa ine. Ananditchula dzina la mchimwene wake uja anamira mumtsinje tili ana. Amvekere: “Wardell, wabwera? Tandimasule ndikatunge madzi, amayi andikalipira.”

Anthu anakankhana kuti aone bwino. Amene analibe magalasi anabwereka. M'piringupiringu umenewo dzanja langa, lomwe ndi lochenjera kuposa mwini wake, linatulutsa nkhunda ija n'kuipachika pa msomali wam'kati, kuseri kwa chitseko. Palibe anaona. Onse maso anali pamatayi.

Ndiye a Dikoni anatulukira ndi kachikwama kawo, muli mkaka, sopo ndi malalanje. Mayi Crenshaw atawaona anabwerera m'mbuyo n'kuponda phazi la mnzawo, amvekere: “Aka, si awa mwati afa aja? Nanga nkhuku yanga?” Apo ndinaseka, sindikana. A Dikoni sanayang'ane munthu. Anaika chikwama patebulo, anavula jekete n'kumufunda Arzula m'miyendo, kenako anatiuza motsitsa mawu kuti tituluke, akazi awo sanavale. Atatembenuka kuti atseke chitseko, anaiona nkhunda pa msomali wam'kati. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Anati anaipachika kunja, akukumbukira bwinobwino kuti anaipachika. A Hairston anati a Dikoni, nayo apo.

Zotsatira ndinamvera pakhoma, poti udindo wanga umandilola kuima pafupi. Bambo uja amene sanagwadirepo munthu anagwadira mtsikana wa msinkhu wa mdzukulu wake. Anati matendawa anayamba kalekale, chisanu cha dzana, ndipo iwo ndi amene amamusambitsa, kumuveka, kumudyetsa ndi kumuluka. Anati amamumanga pokhapokha akamapita kugolosale, chifukwa tsiku lina anamupeza pamsewu ndi chovala chogonera akufunafuna chitsime. Anati galasi anaphimba chifukwa Arzula amaopa nkhalamba imene imamuyang'ana m'menemo. Anafunsa kuti waswa chiyani mkazi wanga, wasokoneza ndani, lendi yachedwapo liti. Anati mungomusiya afere padzuwa lakeli.

A Hairston analira, koma kulira kwa anthu ophunzira sikusintha kanthu. Anati mpingo unalonjeza khonsolo kuti muno muzikhala anthu odzidalira, ndipo zikamveka kuti mukumangidwa munthu, malo angalandidwe, tonse n'kupezeka pamsewu. Abusa a Gaither atabwera anawagwira a Dikoni paphewa, anapemphera nawo, kenako anawakumbutsa kuti lamulo loti muno si m'chipatala linalembedwa ndi komiti, wapampando wake ali iwo. Anawakumbutsanso za a Pettway, nkhalamba ya nsanjika yachiwiri imene a Dikoni anaitumiza kutsidya kwa njanji chaka chatha chifukwa choiwala poto pamoto. A Pettway nawonso anagwada. Ine ndinalipo.

M'mawa mwake linali Lachitatu. Pa mapemphero palibe anawaitana, koma a Dikoni anaimirira okha, chipewa m'manja. Anati abale, ine amene ndinakuphunzitsani za nkhunda ndaiwala nkhunda, ndipo chifukwa cha kuiwala kwangako mkazi wanga akuchoka. Anati musanene wina aliyense, wolakwa ndine. Ine ndinati ameni, poti wina amayenera kunena.

Anadzamutenga Lachisanu. A Dikoni anamuveka zoyera, wigi ndi chipewa, ndiye Arzula anayesa akupita kutchalitchi. Anaimba m'kolido monse, anaimba m'chikepe, mawu osagwedera ngakhale pang'ono, ndipo amayi ena anayamba kuvomereza asanakumbukire komwe akupita. Pakhomo anakana kukwera galimoto chifukwa amuna ake sanakwere kaye. A Dikoni anakwera, anakhala, iye n'kukwera. Galimoto isanakhote pakona, amayi awiri anali kale m'chipinda chapakona ndi chingwe, akuyeza mazenera.

Chipindacho ndi cha anthu awiri, ndiye munthu mmodzi sangachisunge. Anachipereka kwa Mayi Crenshaw ndi amuna awo. Nkhuku ija sinatayike, anadyera chisangalalo. A Dikoni anawasamutsira kachipinda koyandikana ndi kanga, koyang'ana ku mabini a zinyalala, kumene dzuwa limangodutsa ngati munthu wodana nawe. Upampando anatula. Tsiku lililonse amakwera basi kupita kutsidya kwa njanji ndi lalanje m'thumba, chifukwa akuti Arzula salandira chakudya m'dzanja la munthu wina, amangotseka pakamwa. Akutinso kumeneko amamumanga ndithu, koma ndi malamba a boma, osati silika, ndipo osati pa nthawi ya golosale yokha.

Ndikudziwa mwayamba kale kuvula silipasi kuti mundigende, ndiye dikirani mumve mathero. Ine ndine Mkhristu, ngakhale wa kumbuyo. Sabata yatha ndinawapeza a Dikoni atakhala pabenchi kumpanda kuja, akuyang'ana kapinga wawo. Ndinakhala nawo pafupi n'kuwauza zonse, kuti simunaiwale ayi, nkhunda inaulukira m'thumba mwanga chifukwa cha mpiru. Anadzuka ndi ndodo. Tinathamangitsana kuzungulira mabini, nkhalamba ziwiri, liwiro lake loti kamba akanatidutsa akuimba mluzu. Mpweya utatithera tinakhala pansi. Kenako bamboyo anayamba kuseka mpaka misozi. Amvekere: “Tolliver, ndiwe Satana weniweni, koma katundu uja anali atandithyola msana, ndinkangosowa wonditula.” Tinasuta kaliwo mmodzi. Anati dzala mpiru wakowo, khonsolo ikafunsa ndidzati ndi maluwa.

Ndiye pempho langa ndi limeneli, Achemwali. Munditumizire mbewu za mpiru uja wa amayi, wa masamba opotana, wowawa pang'ono, osati wa m'sitolo umene umakoma ngati pepala. Muikemonso therere lalitali lija. Mumange m'kansalu, muike mu envelopu, zifike chisanu chisanathe. Chaka chamawa palibe amene azule.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Hosey, muwauze kuti nyama yawo ndiziwatafunira ine kuno. Moni kwa mwana wanu Luvenia ndi amuna ake, ngati akadali amuna omwe aja. Moni kwa adzukulu onse, ngakhale aja anatengera makutu a kwa Hosey. Kwa azakhali a Tempie, ngati akumvabe, muwakuwire m'khutu kuti Elbert ndi bwana. Mukapita kumanda Lamulungu muwalonjere amayi ndi abambo, muwauze kuti mwana wawo wamng'ono akuyendera akufa asanafe.

Ndine mlongo wanu wolemekezeka, amene munkamunyoza,

Elbert Tolliver,
Mkulu Woyendera Nkhunda.

Ndatsegulanso envelopu chifukwa ndakumbukira kuti inu bodza langa mumalinunkhiza lisanatuluke m'kamwa. Zonse ndalembazi n'zoona, kupatula za pabenchi. Zimenezo ndapeka, kuti mumalize kuwerenga ndi mtima wabwino. Sitinathamangitsane, sanaseke, ndipo fodya a Dikoni sasuta n'komwe. Sindinawauze kanthu. Mpaka lero akudziwa kuti anaiwala okha.

Masiku ano m'mawa ndimamva pakhoma. Amatsegula chitseko, kupachika nkhunda, kutseka. Pakapita kanthawi amatsegulanso kuti aikhudze. Kenako amatsegulanso. Ndikamafika poyendera ndimawapeza ataima pakhomo, atavala kale za ulendo wa basi. Amandigwira mkono n'kufunsa kuti: “M'bale Tolliver, ilipo? Inunso mukuiona?” Ndimati ilipo, a Dikoni. Dzulo anandipempha kuti tsiku limene adzaiwalenso ndidzawapachikire mwakachetechete, a Hairston asadziwe kuti nawonso mutu wayamba, chifukwa kutsidya kwa njanji amuna ndi akazi amawasunga mbali zosiyana, ndipo Arzula adzasowa womudyetsa. Ndinavomera. Anandithokoza, akuti m'nyumba yonse ino munthu wokhulupirika ndine ndekha, ndipo anandipatsa tayi imodzi ya silika, yofiirira, yokwinyika pang'ono pamene pankakhala mfundo. Ndivala Lamulungu likubwerali.

A kwa Tate musawauze. Mbewu zokha musaiwale.